Keziya Ajambula Mzimba pa Ng'ombe

Keziya anali mtsikana wa makutu aakulu. Ankakhala m'mudzi wina pafupi ndi Jenda. Makutu akewo anali abwino. Anali oyera bwino. Koma anali ndi vuto limodzi. Sankasunga mawu.

Mawu ankalowa bwinobwino. Ankakhala pang'ono. Kenaka phululu! Ankauluka.

Amayi ake akamutuma mchere, Keziya ankabwera ndi sopo. Akamutuma sopo, ankabwera ndi machesi. Akamutuma machesi, ankabwera chimanjamanja, akumwetulira.

"Iwe Keziya," amayi ankatero. "Makutu onsewa ndi a ntchito yanji? Ndi okupizira moto?"

"Kaya, amama."

"Ndi a adada ako amenewo. Unawatengera chomene."

Koma maso a Keziya anali ena. Maso ake sankataya kanthu. Akaona chinthu kamodzi, basi chakhala. Ankadziwa pamene nkhuku iliyonse imaikira mazira. Ankadziwa chitenje cha mayi aliyense wa m'mudzimo. Singano ikasowa m'nyumba, Keziya ankangoloza ndi chala. "Ili apo."

Bambo ake a Keziya ankagwira ntchito kutali, ku Joni. Anapita Keziya ali wamng'ono. Ankaimba foni kawirikawiri. Koma mawu a pa foni nawonso ankauluka. Chimene sichinkauluka chinali chithunzi chawo. Chinali pakhoma. Pachithunzipo bambo ankaseka. Makutu awo anali aakulu, lina uku, lina uku.

Tsiku lina foni inalira. Anali bambo.

"Keziya, mwana wanga, ndikubwera. Ndifika Lachisanu."

Mawu okhawo sanauluke. Anakhala phee mumtima mwa Keziya.

Keziya anali mu Sitandade 3. Aphunzitsi ake anali a Mbewe. A Mbewe anachokera ku Dedza. Anali munthu wabwino. Koma ankakonda mawu amodzi kuposa onse: "Bwerezani!"

Kale m'kalasimo munali mapu aakulu a Malawi. Koma pa holide chiswe chinalowa. Chinadya kumpoto. Chinadya pakati. Chinadya kum'mwera. Chinadya Malawi yense, ndi nyanja yomwe. Chinangosiya msomali.

Tsono a Mbewe ankaphunzitsa ndi pakamwa.

"Ana inu, mverani," anatero. "Boma lathu ndi Mzimba. Kumpoto kwathu kuli Rumphi. Kum'mwera kuli Kasungu. Kum'mawa kuli Nkhata Bay. Kumadzulo kuli dziko la Zambia. Bwerezani!"

Ana anabwereza.

"Bwerezani!"

Ana anabwerezanso.

Phoebe, mnzake wa Keziya, anaimirira. Phoebe anali ndi timakutu tating'ono. Koma timakutu timeneto tinkagwira mawu ngati ulimbo. Ananena zonse osapuma.

"Wakhoza!" anatero a Mbewe. "Tsopano iwe, Keziya."

Keziya anaimirira. Anafufuza m'khutu lamanja. Munalibe kanthu. Anafufuza m'khutu lamanzere. Munalibenso kanthu.

"Kumpoto kuli... Zambia," anatero.

Ana anaseka.

"Kum'mwera kuli... Joni."

Ana anasekanso kwambiri.

"Joni ili kum'mwera ndithu," anatero a Mbewe. "Koma walumpha kwambiri, mwana iwe. Khala pansi."

Kenaka a Mbewe anawomba m'manja.

"Lachisanu ndi tsiku la makolo. Makolo anu abwera pasukulu pano. Phoebe adzalakatula ndakatulo. Mwana wina adzaima kutsogolo. Adzawauza makolo za malire a Mzimba. Ndani akufuna?"

Keziya anakumbukira. Lachisanu! Tsiku lofika bambo ake! Keziya ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti bambo ake amuone ali kutsogolo. Ankafuna kuti amuloze ndi chala. Ankafuna kuti anene kuti, "Uyo ndi mwana wanga."

Keziya anakweza dzanja.

"Aa! Keziya?" ana anakuwa. "Atipititsa ku Joni tonse!"

A Mbewe anakanda mutu. Anamuyang'ana Keziya. Dzanja linali likadali m'mwamba.

"Chabwino," anatero. "Lachinayi udzandiuze zonse. Ukadzakhoza, udzaima kutsogolo. Ukadzalephera, adzaima wina."

Keziya anayamba ulendo wa kwawo. M'njira ankabwereza. "Kumpoto kuli Rumphi. Kumpoto kuli Rumphi." Anawagwira mawuwo mwamphamvu. Anatseka makutu ndi manja kuti asathawe.

Kenaka mbuzi inadutsa. Inali itavala dengu kumutu. Keziya anaseka. Anachotsa manja.

Phululu! Rumphi inauluka.

Keziya anafika pakhomo ali wokhumudwa. Anakhala pansi pafupi ndi khola. Amayi ake ankatsuka mapoto ndi phulusa. Manja awo anali mbuu.

Pakhomopo panali ng'ombe yaikazi. Inali yakuda bii. Dzina lake linali Makala. Makala anali wofatsa, koma anali wakuba. Ankakonda madeya. Ankakondanso kutafuna nsalu.

Tsiku limenelo Makala anabwera pang'onopang'ono. Analowetsa mutu m'dengu la madeya.

"Choka iwe!" amayi anakuwa.

Pha! Anamumenya ndi dzanja m'nthiti. Makala anasuntha pang'ono chabe. Koma dzanja la amayi linatsala pamenepo. Linali dzanja loyera, pa ng'ombe yakuda. Zala zonse zinkaoneka.

Keziya analiyang'ana. Analiyang'anitsitsa.

"Amama, dzanja lanu latsala pa Makala."

"Litsale. Adziwe mwini madeya."

"Amama, dzanja limenelo ndi Mzimba."

"Mzimba? Pa ng'ombe?"

"Enya. Ife tili pamenepo, pakati."

Amayi anapukusa mutu. Anapitiriza kutsuka mapoto.

"Amama, Rumphi ili kuti?"

"Kumpoto. Kumtunda uko. Kuli mapiri chomene."

Keziya anayang'ana pamwamba pa dzanja lija. Anaona linunda la Makala. Linunda linali ngati kaphiri. Keziya anaviika chala m'phulusa lonyowa. Anajambula phiri pa linunda.

"Rumphi ndi iyi," anatero.

"Amama, nanga Kasungu?"

"Kum'mwera. Kumunsi uko. Amalima mtedza wambiri."

Keziya anayang'ana pansi pa dzanja lija. Anaona mimba ya Makala. Mtedza umapita kuti? Umapita m'mimba! Keziya anajambula mtedza pamimba.

"Kasungu ndi uyu," anatero.

"Amama, nanga Zambia?"

"Kumadzulo, kolowera dzuwa. Ndi kumene kunachokera chitenje changa chatsopano chija."

Keziya anayang'ana kumutu kwa Makala. Makala ankatafuna kanthu. Kanthuko kanali kofiira. Kanali ndi maluwa.

"Chitenje chake chimenecho, amama?"

"Mayo! Chitenje changa!"

Amayi anathamanga. Anakoka uku. Makala anakoka uku. Amayi anapambana, koma duwa limodzi linapita. Keziya anajambula duwa pakhosi pa Makala.

"Zambia ili kumutu," anatero.

"Amama, kwatsala Nkhata Bay."

Amayi ankapumira m'mwamba. "Kum'mawa," anatero. "Kuli nyanja. Madzi okhaokha."

Keziya anapita kumchira. Anajambula nsomba pantchafu ya Makala. Atangomaliza, Makala anakweza mchira.

Chwaaaa!

Keziya analumpha. Madzi anayenderera pansi. Amayi anaseka. Anaseka mpaka anakhala pansi. Anaseka mpaka misozi.

"Mbwenu nyanja yako ndi imeneyo!" anatero.

Keziya anabwerera m'mbuyo pang'ono. Anayang'ana ng'ombe yonse. Dzanja pakati. Phiri pamwamba. Mtedza pansi. Duwa kumutu. Nsomba kumchira. Anaona zonse. Ndipo zonse zinakhala.

Koma mapu a Keziya anali ovuta. Mapu ena amakhala pakhoma. Mapu awa anali ndi miyendo.

M'mawa mapu anapita kudambo kukadya udzu. Keziya pochoka kusukulu anawatsatira konko.

Atafika, anapeza ng'ombe yakuda bii. Panalibe dzanja. Panalibe phiri.

"Mayo! Mzimba wasowa!"

Anazungulira mbali ina. Mzimba analipo. Makala anali atangotembenuka.

Madzulo mwana wa Makala anabwera kudzayamwa. Atakhuta, ananyambita mimba ya make. Lya, lya, lya.

"Amama! Amama! Kang'ombe kanyambita Kasungu!"

"Yense?"

"Yense, ndi mtedza womwe!"

Keziya anatenga phulusa. Anajambulanso Kasungu.

Tsiku lotsatira Makala anagona m'matope. Anagonera mbali ya mapu. Podzuka, Rumphi yokha ndiyo inatsala. Keziya anamusambitsa. Anatenga phulusa. Anajambulanso zonse.

Akajambula, ankaona. Akaona, zinkakhala.

Bambo anaimba foni ali m'basi. Amayi anawauza zonse.

"Mwana wanu wasandutsa ng'ombe kukhala sukulu," anatero. "Rumphi ili pa linunda. Nyanja ili kumchira."

Keziya anamva bambo ake akuseka pa foni. Anachita manyazi. Kodi akumuseka iye? Kodi akuganiza kuti mwana wawo ndi mbuli? Keziya sanadye bwino tsiku limenelo.

Lachinayi linafika. Keziya anaima pamaso pa a Mbewe. Anatsinzina. Makala anabwera m'maso mwake, ndi mapu ake onse.

Anaona phiri. "Kumpoto kuli Rumphi."

Anaona mtedza. "Kum'mwera kuli Kasungu."

Anaona nsomba. "Kum'mawa kuli Nkhata Bay."

Anaona duwa. "Kumadzulo kuli Zambia."

A Mbewe anatsegula pakamwa. Anaiwala kutseka.

"Bwereza," anatero.

Keziya anabwereza.

"Wakhoza! Mawa udzaima kutsogolo."

Lachisanu anthu anadzaza pabwalo la sukulu. Amayi anakhala pamphasa. Abambo anakhala pamipando. Ana anakhala pansi pa mtengo. Keziya anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Ankafuna makutu aakulu awiri. Sanawaone. Basi ya ku Joni inali isanafike.

Ana anaimba nyimbo. Bambo kunalibe.

Phoebe analakatula ndakatulo. Bambo kunalibe.

"Tsopano Keziya atiuza za malire a Mzimba," anatero a Mbewe.

Keziya anapita kutsogolo. Maso onse anali pa iye. Maso, maso, maso!

Anatsinzina. Makala anabwera. Dzanja linalipo. Phiri linalipo. Nsomba inalipo. Koma mawu a aphunzitsi aja, kumpoto ndi kum'mwera, anachita mantha.

Phululu! Anauluka.

Keziya anatsegula pakamwa. Anakuwa mokweza.

"Ku linunda kuli Rumphi!"

Anthu anayang'anana.

"Kumimba kuli Kasungu!"

Wina anaseka kumbuyo.

"Kumchira kuli Nkhata Bay!"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Abambo anagwira mimba. Amayi anabisa nkhope m'zitenje. Ana anagubuduzika pansi. A Mbewe anavula magalasi. Anawapukuta. Anawavalanso.

"Keziya," anatero pang'onopang'ono. "Kumchira kwa ndani?"

Misozi inalengeza m'maso mwa Keziya. Ankafuna kuthawa. Ankafuna kubisala m'khola. Koma sanathawe. Anapukuta misozi ndi mkono.

"Aphunzitsi, ndikudziwa ine," anatero. "Ndikudziwa zonse. Koma zili pa ng'ombe. Mundipatse ng'ombe ndi choko. Ndikuonetsani."

"Choko chilipo, mwana wanga. Koma pasukulu pano palibe ng'ombe."

"Ng'ombe ilipo!"

Mawuwo anachokera kumbuyo. Anthu onse anatembenuka. Kumbuyoko kunaima bambo wina wamtali. Anavala jekete yakuda, yatsopano. Anabereka chikwama kumsana. Nsapato zake zinali ndi fumbi la mumsewu.

Keziya sanawadziwe mawuwo. Koma anaona makutu. Lina uku, lina uku.

"Adada!"

Bambo anadutsa pakati pa anthu. Anapereka moni kwa aphunzitsi. Kenaka anagwada pansi. Anaika manja pafumbi. Anakankhira chikwama pamapewa.

"Linunda ndi ili," anatero. "Mooo!"

Anthu anasekanso. Koma tsopano sankamuseka Keziya.

"Adada, jekete yanu ida."

"Ide. Jambula, mwana wanga."

"Mutu uloze uku, adada. Kumanzere."

Ng'ombe inatembenuka. Inali ng'ombe yomvera.

"Ilibe mchira!" anakuwa Phoebe.

Amayi a Keziya anaimirira. Anamasula mpango wawo. Anaumangirira pa lamba wa bambo. Mchira unapezeka.

A Mbewe anapereka choko. Keziya anachipaka m'dzanja lake. Anapaka mpaka dzanja linayera mbuu. Analidinda m'nthiti mwa bambo ake.

"Uyu ndi Mzimba," anatero. "Ife tili pano, pakati."

Anajambula phiri pa chikwama. "Pamwamba ndi kumpoto. Kuli mapiri. Ndi Rumphi."

Anajambula mtedza pamimba. Ng'ombe inagwedezeka. "Ukundigirigisha!" inatero.

"Khalani bwino, adada. Pansi ndi kum'mwera. Kuli mtedza. Ndi Kasungu."

Anajambula duwa pa kolala. "Kumutu ndi kumadzulo. Kuli zitenje. Ndi Zambia."

Anajambula nsomba pa thumba la jekete, chakumbuyo. "Kumchira ndi kum'mawa. Kuli nyanja. Ndi Nkhata Bay."

"Chifukwa chiyani nyanja ili kumchira?" anafunsa a Mbewe.

"Chifukwa ng'ombe ikakweza mchira, aphunzitsi, kumachokera madzi."

Anthu onse anayang'ana mchira. Amene anali pafupi anasuntha.

"Yayi, yayi!" inatero ng'ombe. "Musaope. Lero nyanja yaphwa."

Bwalo linaphulikanso ndi kuseka. A Mbewe anaseka mpaka anakhosomola. Atapuma, anatenga ndodo yolozera. Analoza chikwama.

"Nonse! Kumpoto?"

"Rumphi!" bwalo lonse linayankha.

Analoza mimba. "Kum'mwera?"

"Kasungu!"

Analoza mchira. "Kum'mawa?"

"Nkhata Bay!"

Analoza mutu. "Kumadzulo?"

"Zambia!"

Palibe amene analakwa. Ngakhale tiana ta kumsana tinaloza nawo. A Mbewe anatsegula pakamwa kuti anene kuti, "Bwerezani!" Koma anaona kuti n'zosafunika.

"Ana ena amagwira ndi makutu," anatero. "Ana ena amagwira ndi maso. Lolemba tijambula mapu pakhoma. Tijambula ndi utoto. Tione ngati chiswe chimadya khoma. Keziya, udzanditsogolere."

Anthu anawomba m'manja. Amayi anaimba nthungululu.

Ng'ombe inaimirira. Inasanduka munthu. Mawondo ake anali ndi fumbi. Mchira unali ukadali kumbuyo. Bambo ananyamula Keziya. Anamukweza m'mwamba, kuti aliyense amuone.

"Mwamuona uyu?" anakuwa. "Uyu ndi mwana wanga!"

Keziya anagwira makutu a bambo ake, lina uku, lina uku. Mtima wake unadzaza ndi chimwemwe.

Madzulo onse anakhala pakhonde. Makala ankabzikula m'khola. Amayi anabwera ndi beseni ndi sopo.

"Bweretsani jeketeyo ndichape," anatero.

"Duwa muchape," anatero bambo. "Mtedza muchape. Nsomba muchape. Koma apa yayi."

Anaika chala pa kadzanja koyera kaja.

"Chifukwa chiyani, adada?" anafunsa Keziya.

"Ku Joni kulibe mapu otere. Ndikabwerera, ndizikayang'ana pamenepa. Ndizikaona kwathu."

"Choko chimafufutika, adada."

"Chikafufutika, mbwenu ndibweranso. Udzadindenso."

Keziya anamva mawuwo. Analowa m'makutu. Anakhala pang'ono. Keziya anadikira.

Sanauluke.